Mlonda Amene Amaona Koma Samanga

Munthu akasuntha malire a munda wa mnzake, ngakhale ndi mzere umodzi wokha, mwini mundayo sagona tulo. Kukacha amapezeka ali kwa nyakwawa, mboni zili pambuyo, ndipo mlanduwo umakambidwa dzuwa lisanapendeke. Koma pali malo ena amene angathe kubedwa zaka ndi zaka popanda wolira. Amenewa ndi malo a boma, amene timati ndi a anthu onse. Popeza ndi a onse, palibe mmodzi amene mtima umamupweteka pa tsiku limene abedwa. Ndiponso wakuba wake sachita kudza usiku ndi khasu ayi. Amakhala mu ofesi momwemo, atavala tayi, cholembera chili m'manja.

Dziko la United States of America lakhala likulimbana ndi akuba a mtundu umenewu kwa zaka zoposa 100, kufikira linakhazikitsa alonda apadera oti aziyang'anira antchito a boma osunga malowo. Nkhani ya alonda amenewa ndiyo tifuna kuiona, pakuti isonyeza poyera zimene mlonda angathe kuchita, ndi pamene mphamvu zake zithera.

Tiyambe tadziwa kukula kwa chumacho. Boma la America lili ndi malo okwana maekala pafupifupi 640 miliyoni, ndiye kuti kupitirira pang'ono gawo limodzi mwa magawo anayi a dziko lonselo. Ambiri mwa malowa ali chakumadzulo: zipululu, mapiri, nkhalango ndi mabusa a ng'ombe. Pansi pake, ndiponso pansi pa nyanja zozungulira dzikolo, pali mafuta, gasi ndi malasha. Unduna umene usunga gawo lalikulu la malowa umatchedwa Department of the Interior, ndipo unakhazikitsidwa mu 1849. Ife pano tiziutcha unduna wa zamalo, popeza ndiyo ntchito yake yeniyeni. Nthambi imodzi yokha ya undunawu, yotchedwa Bureau of Land Management, imayang'anira maekala pafupifupi 245 miliyoni. Mutatenga dziko la Malawi pamodzi ndi nyanja yake, mungaliyale kasanu ndi katatu m'malo amenewo, ndipo malo nkutsalabe.

Kachikwama kakuda

Pamene sitima zankhondo zinayamba kusiya malasha ndi kuyendera mafuta, boma linapatula malo atatu okhala ndi mafuta pansi pake kuti akhale nkhokwe ya asilikali a pamadzi pa tsiku la nkhondo. Malo awiri anali ku California, ndipo anapatulidwa mu 1912. Otchuka mwa awiriwa ndi Elk Hills. Achitatu anali ku Wyoming, ndipo anapatulidwa mu 1915. Pafupi pake panali thanthwe looneka ngati tipoti, nchifukwa chake malowo anatchedwa Teapot Dome.

Mu 1921 Pulezidenti Warren Harding anasankha bwenzi lake, Albert Fall, kukhala nduna ya zamalo. Fall anali phungu wochokera ku New Mexico, kumene anali ndi famu yaikulu ya ng'ombe pamalo otchedwa Three Rivers. Famuyo inali itafooka, ngongole zinali m'khosi, ndipo msonkho wake unali usanalipidwe kwa zaka zingapo. Pasanathe miyezi itatu ali pampando, Fall anakopa Pulezidenti kuti nkhokwe za mafuta zija zichoke m'manja mwa asilikali a pamadzi, zibwere ku unduna wake. Mu 1922 anabwereketsa Teapot Dome kwa Harry Sinclair, ndi Elk Hills kwa Edward Doheny, onse awiri eni makampani akuluakulu a mafuta. Anatero mwakachetechete, osaitana makampani ena kuti apikisane pa mtengo.

Amene anayamba kudandaula si antchito a mu undunamo, koma amalonda ena a mafuta a ku Wyoming, amene anaona kuti mnzawo wadya yekha. Anakadandaula kwa phungu wawo, John Kendrick, ndipo nyumba yapamwamba ya malamulo, imene iwo amati Senate, inalamula kuti nkhaniyo ifufuzidwe. Ntchitoyo inagwera phungu wa ku Montana, Thomas Walsh, loya wofatsa ndi wosatopa. Fall anamutumizira mulu waukulu wa makalata ndi mapepala, mwina poganiza kuti munthuyo amira momwemo. Walsh anawerenga kwa miyezi yambiri osapeza kanthu kogwirika, pakuti kubwereketsa malo mwa iko kokha kunali ndi zifukwa zomveka zimene nduna ikanatha kupereka. Pamene mboni zinayamba kuitanidwa mu October 1923, Fall anali atasiya kale unduna, Harding anali atamwalira, ndipo anthu ambiri ankati nkhaniyo yafera m'mazira.

Chimene chinamugwiritsa Fall si mapepala a mu ofesi, koma mpanda wa famu yake. Mkonzi wa nyuzipepala wa ku New Mexico, Carl Magee, anachitira umboni kuti famu ya Three Rivers inasintha mwadzidzidzi. Msonkho wakale unalipidwa, malo oyandikana nawo anagulidwa, ziweto za mtundu wabwino zinafika. Walsh anangofunsa funso limodzi lokha, limene mwana wasukulu aliyense akanafunsa: ndalama zinachokera kuti? Fall analemba kalata yonena kuti anakongola madola 100,000 kwa Edward McLean, mwini nyuzipepala ya Washington Post. Walsh anamulondola McLean mpaka ku Florida, ndipo kumeneko McLean anavomera kuti ndalama zake sizinachoke m'banki konse. Mu January 1924 Doheny anabwera yekha nanena kuti ndalamazo zinali zake, ndi kuti mwana wake ndiye anazinyamula m'kachikwama kakuda kukapereka kwa nduna mu November 1921. Iye anati inali ngongole chabe ya pachibwenzi. Atauzidwa kuti aonetse chikalata cha ngongoleyo, anabweretsa pepala limene mbali yosainidwa inali itang'ambidwa. Pambuyo pake kunadziwikanso kuti kuchokera kwa Sinclair kunabwera ndalama zina zoposa pamenepo, kotero kuti zonse pamodzi zinakwana madola pafupifupi 400,000.

Akuluakulu amati mlandu suola, komatu uwu unatenga nthawi. Mu 1927 bwalo lalikulu la milandu la dzikolo linathetsa mapangano onse awiri, ndipo malowo anabwerera ku boma. Mu 1929 Fall anapezeka wolakwa pa mlandu wolandira chiphuphu, nalamulidwa kukhala m'ndende chaka chimodzi ndi kulipira madola 100,000. Analowa m'ndende mu 1931, nakhala nduna yoyamba m'mbiri ya America kumangidwa chifukwa cha zimene inachita ili pampando. Sinclair anakhala m'ndende miyezi ingapo, koma osati chifukwa cha chiphuphu: anakana kuyankha mafunso a aphungu, ndiponso analemba anthu ntchito yozonda amene ankaweruza mlandu wake. Chodabwitsa chachikulu chinachitika mu 1930, pamene Doheny anapezeka wosalakwa pa mlandu wopereka chiphuphu chomwe chija chimene Fall anamangidwira pochilandira. Wolandira anapezeka, koma wopereka panalibe! Ndipo patapita zaka zochepa kampani ya Doheny inalanda famu ya Fall chifukwa cha ngongole ija ya pachibwenzi.

Mlonda wa m'nyumba momwemo

Nkhani ya Teapot Dome inaululika chifukwa cha nsanje ya amalonda anzawo, maso a mkonzi wa nyuzipepala, ndi khama la phungu mmodzi. Zinthu zitatu zotere sizikumana chaka chilichonse. Motero mu 1978, dziko likali ndi manyazi a mlandu wa Watergate, Pulezidenti Jimmy Carter anasaina lamulo lokhazikitsa ofesi ya mlonda m'maunduna ndi m'mabungwe a boma okwana 12, ndipo unduna wa zamalo unali pakati pawo. Mlondayu amatchedwa Inspector General. Awerengi asasokonezeke ndi dzinali, pakuti kuno kwathu timalidziwa ngati udindo wa mkulu wa apolisi. Kumeneko ndi munthu amene amakhala mkati mwa unduna, ali ndi akatswiri owerengera ndalama ndi ofufuza milandu, ndipo ntchito yake ndi kuyang'ana unduna womwewo.

Kakonzedwe ka udindowu nkochititsa chidwi. Mlonda wa unduna wa zamalo amasankhidwa ndi Pulezidenti, koma Senate iyenera kuvomereza. Ali ndi ufulu woona buku lililonse ndi kalata iliyonse ya mu undunamo, ndipo nduna siloledwa kumuletsa kuyamba kapena kutsiriza kafukufuku. Wantchito aliyense angathe kumutsina khutu, ndipo lamulo limateteza dzina la wotsinayo. Kawiri pachaka amalemba lipoti lopita ku Nyumba ya Malamulo. Lipotilo limadzera kwa nduna, koma nduna ilibe mphamvu yofufuta mawu ngakhale amodzi. Zonsezi ndi mphamvu za maso ndi cholembera. Koma mlondayu sangachotse munthu ntchito, sangathetse pangano, ndipo sangazenge munthu mlandu. Akapeza cholakwa cha pantchito amachipereka kwa akuluakulu a undunawo. Akapeza mlandu amaupereka kwa maloya a boma a mu unduna wa zachilungamo, ndipo iwowo ndiwo amasankha kupita nawo kukhoti kapena kuuika m'kabati. Mfundo imeneyi muisunge, pakuti nkhani zotsatirazi zonse zikhotera pomwepa.

Mlonda wotchuka koposa wa undunawu anali Earl Devaney, amene kale anali wapolisi wa gulu loteteza Pulezidenti, ndipo anayamba udindowu mu 1999. Anafufuza wachiwiri kwa nduna, Steven Griles, kwa miyezi 18 pa nkhani yokomana ndi makampani amene kale ankawagwirira ntchito. Nduna ya nthawiyo inaona kuti zopezekazo nzazing'ono, ndipo Griles anakhalabe pampando. Mu 2006 Devaney anauza aphungu mosapsatira mawu kuti kwa akuluakulu a undunawo chilichonse chinkaloledwa malinga ngati sichinafike pokhala mlandu wa kukhoti. Chaka chotsatira Griles anavomera mlandu wina, wonamiza aphungu a Senate za ubwenzi wake ndi katswiri wa katangale Jack Abramoff, nalamulidwa kukhala m'ndende miyezi 10.

Ofesi ya ku Denver

Kampani ikamakumba mafuta pamalo a boma imayenera kupereka gawo la mwini nthaka. Mu 1982 boma linakhazikitsa bungwe lotchedwa Minerals Management Service kuti lizitolera gawo limeneli, zitadziwika kuti ndalama zambiri zinkatayika panjira. Bungweli linkatolera madola mabiliyoni ambiri chaka chilichonse. Patapita zaka linayamba njira ina yatsopano: m'malo molandira ndalama, boma lizilandira mafuta enieniwo ndi gasi, kenaka lizigulitsa lokha. Ofesi yogulitsa inali pafupi ndi mzinda wa Denver, ku Colorado. Munali antchito pafupifupi 55 okha, koma m'manja mwawo munkadutsa katundu wa madola pafupifupi 4 biliyoni pachaka. Ogula mafutawo anali makampani omwe aja.

Mu September 2008 Devaney anatulutsa malipoti atatu onena za bungweli. Kafukufukuyo anatenga zaka ziwiri. Ofufuza anafunsa mboni 233, nawerenga masamba 470,000. Anapeza kuti pakati pa 2002 ndi 2006 antchito 19 a mu ofesi ija, ndiye kuti munthu mmodzi mwa atatu aliwonse, ankalandira mphatso kwa makampani amene ankachita nawo malonda. Lamulo la antchito a boma kumeneko limalola mphatso yosapitirira madola 20 panthawi imodzi, ndi madola 50 pachaka kuchokera kwa munthu mmodzi. Koma antchito awiri okha analandira mphatso kokwana ka 135 kuchokera ku makampani anayi. Mayina a makampani otchulidwa m'lipotimo anali Chevron, Shell, Hess ndi Gary-Williams. Mphatsozo sizinali zikwama za ndalama ngati za masiku a Fall. Zinali chakudya cha kuhotela, mowa, matikiti a mpira ndi a zoimbaimba, masewera a gofu, ndi maulendo okasewera kumapiri a chipale. Panalinso nkhani za mankhwala ozunguza bongo ndi zachiwerewere pakati pa antchito ena ndi anthu a makampaniwo, zimene sitifuna kuzitambasula m'magazini imene ana amawerenga.

Chimene chiyenera kutidabwitsa si kuchuluka kwa mphatsozo, koma mayankho a olandirawo. Ambiri sanachite manyazi konse. Anauza ofufuza kuti ntchito yawo inali ya malonda, ndipo kuti munthu adziwe mmene msika ukuyendera ayenera kudya ndi kumwa ndi amalonda anzake. Ankadziona ngati gulu lapadera limene malamulo a antchito ena a boma sankalikhudza. Ndikhulupirira kuti ambiri a iwo ankanena zimene ankazimvadi mumtima. Palibe tsiku limene munthu anawaitanira kuseri nkunena kuti nachi chiphuphu. Panali nkhomaliro chabe, kenaka ina, kenaka ulendo. Komatu makolo athu anati kupatsa nkuika, ndipo kampani ya mafuta imadziwa mwambi umenewu bwino kuposa ife. Ofufuza anapeza kuti kawirikawiri makampani ankaloledwa kusintha mitengo yawo mpikisano utatha kale, ndipo kusinthako nthawi zambiri kunkakomera kampani, osati boma. Munthu amene wadya naye dzulo, akakuimbira foni lero kuti analakwitsa pang'ono polemba mtengo, umamukana bwanji?

Lipoti lina linanena za akuluakulu a bungwelo. Mmodzi wa iwo, ali pafupi kupuma pantchito, anathandiza kulemba zofunika pa kontrakiti ina ya uphungu imene boma linkafuna kupereka. Atapuma anatsegula kampani yake, napikisana nawo, napambana. Ndani akanamuposa pa mayeso amene anadzilembera yekha? Mnzake amene anatsala mu ofesi kuyang'anira kontrakitiyo nayenso anapuma, nakalowa ntchito pa kampani yomweyo. Ndalama zimene kampaniyo inalandira zinapitirira madola 1 miliyoni.

Tsono tiyeni tiwerengere zotsatira. Anthu awiri a kontrakiti aja anavomera mlandu kukhoti. Palibe amene analowa m'ndende. Mmodzi analipa madola 2,500, winayo madola 2,000. Kafukufuku yense anadya madola 5.3 miliyoni. Mkulu wa ofesi yogulitsa mafuta, amene lipoti linamutchula pa zinthu zambiri, ndi mayi wina wamkulu wa bungwelo, anali atapuma kale pantchito lipoti lisanatuluke, choncho chilango cha pantchito sichikanawafikira, ndipo maloya a boma anakana kuwazenga mlandu. Antchito ena ang'onoang'ono ndiwo anachotsedwa kapena kudzudzulidwa. Mu September 2009 nduna yatsopano, Ken Salazar, inalengeza kuti njira yolandira mafuta m'malo mwa ndalama ithe. Koma bungwe lenilenilo linatsala monga linalili.

Vuto lake linali lozama kuposa nkhomaliro. Bungwe limodzi lomwelo ndilo linkabwereketsa malo a pansi pa nyanja, ndilo linkatolera ndalama, ndiponso ndilo linkayendera zitsime za mafuta kuona ngati nzotetezeka. Woyendera akatseka chitsime, ndalama za wotolera zimachepa. Mapanga awiri avumbwitsa, nanga atatu? Pa 20 April 2010 nsanja yokumbira mafuta yotchedwa Deepwater Horizon, imene inkakumbira kampani ya BP m'nyanja ya Gulf of Mexico, inaphulika. Anthu 11 anafa, ndipo mafuta anatayikira m'nyanja kwa masiku 87.

Mwezi wotsatira, Mary Kendall, amene ankagwirizira udindo wa mlonda Devaney atachoka, anatulutsa lipoti la ofesi ya bungweli ya ku Lake Charles, ku Louisiana. Linanena za zaka za m'mbuyo ngoziyo isanachitike. Oyendera zitsime ankatengedwa ndi makampani kupita kosaka nyama, kowedza nsomba ndi koonera mpira. Mmodzi anayendera nsanja zinayi za kampani ina pa nthawi imene ankakambirana nayo zoti imulembe ntchito. Sanapeze cholakwa chilichonse, ndipo posakhalitsa anakayamba ntchito kumeneko. Mkulu wa ofesiyo anafotokoza mosabisa kuti oyendera ndi oyenderedwa anakulira m'matauni amodzi, ndipo ambiri anagwirapo ntchito limodzi kuyambira kale. Lipotilo silinanene kuti mphatsozo ndizo zinaphulitsa nsanja ija, ndipo nafenso tisanene. Maloya a boma apanso anakana kuzenga mlandu. Koma nthawi imeneyi mitembo 11 inali italankhula mokweza kuposa masamba 470,000. Bungwe la Minerals Management Service linathetsedwa, ndipo pofika October 2011 ntchito zake zinali zitagawidwa ku mabungwe atatu osiyana: lina lobwereketsa, lina lotolera ndalama, lina loyendera.

Mahatchi a madola 10

Si mafuta okha amene ali pamalo a boma. M'zipululu za kumadzulo muli mahatchi ndi abulu a m'tchire, ndipo lamulo la mu 1971 limawateteza. Akachuluka, a Bureau of Land Management amawagwira ndi kuwasunga m'makola, kumene amadya ndalama zambiri za boma. Okalamba ndi amene asowa wowatenga amaloledwa kugulitsidwa, koma wogula amasaina kuti sadzawapititsa kokaphedwa.

Pakati pa 2008 ndi 2012 munthu mmodzi wa ku Colorado, wonyamula ziweto pamalole, anagula mahatchi 1,794 pa mtengo wa madola 10 iliyonse. Analipira madola 17,940. Boma linawononga madola oposa 140,000 kumuperekera mahatchiwo, ndiye kuti madola pafupifupi 78 pa hatchi imene linagulitsa madola 10. Anthu okonda nyama anadandaula kangapo, koma ofesi yogulitsa inkangomufunsa mwini wakeyo, iye nkukana, malonda nkupitirira. Kodi munthu mmodzi angasunge kuti mahatchi ochuluka chotero? Funso limeneli silinkafuna digiri. Atolankhani a bungwe la ProPublica ndiwo anaulula nkhaniyi mu 2012, ndipo lipoti la mlonda linatuluka mu October 2015. Munthuyo anavomera kwa ofufuza kuti pafupifupi mahatchi onsewo anakathera kophera nyama ku Mexico. Lipotilo linadzudzula nthambiyo kuti sinatsate lamulo. Maloya a boma lalikulu ndi a m'dera lakwawo onse anakana kumuzenga mlandu. Chimene chinasintha ndi lamulo la kagulitsidwe: kuyambira mu 2013 munthu sankaloledwa kugula mahatchi oposa anayi m'miyezi isanu ndi umodzi popanda chilolezo chapadera. Apa panalibe chiphuphu chimene chinapezeka. Panali ofesi imene inkafunitsitsa kuti makola apepuke, ndi wogula amene ankaipeputsa, ndipo onse awiri anaona kuti nkwabwino kusafunsana zambiri.

Wina angafunse kuti nanga maloya a boma amakaniranji chonchi? Sitiyenera kufulumira kunena kuti nawonso adya. Kukhoti sikokwanira kusonyeza kuti munthu analandira mphatso, ndi kuti pambuyo pake anakomera wopatsayo. Pafunika umboni wosakayikitsa wakuti mphatsoyo inaperekedwa kuti igule chisankho chimenecho. Ngakhale kachikwama ka Doheny, kodzaza ndi madola 100,000, sikanakwanitse kukhutiritsa oweruza. Nanga mbale ya nyama ndi tikiti ya mpira? Pakati pa chimene chili choipa ndi chimene khoti lingalange pali dambo lalikulu, ndipo zambiri zimene mlonda amapeza zimakhala m'dambo limenelo. M'menemo wolanga ndi nduna yekha. Tsono ngati wolakwayo wapuma kale, kapena ngati wolakwayo ndi nduna yomweyo, lipoti limatsala lili pepala.

Zoterezi zinaoneka pa Ryan Zinke, amene anali nduna ya zamalo kuyambira 2017 mpaka kuchiyambi kwa 2019. Mu February 2022 mlonda analengeza kuti Zinke, ali pampando, anapitiriza kukambirana ndi amalonda za chitukuko cha malo ena m'tauni yakwawo ya Whitefish, ku Montana, ngakhale anali atalonjeza kuti atalikirana ndi bungwe limene linali ndi malowo, ndi kuti sanauze zoona mkulu woona za khalidwe mu undunamo. Zinke anakana zonsezi, nati nzandale. Maloya a boma anali atakana kale kuzenga mlandu. Mu November chaka chomwecho anthu a ku Montana anamusankha kukhala phungu wawo ku Nyumba ya Malamulo.

Komabe ine sindinganene kuti pepala lotere nlachabe. Zonse talemba panozi, maina, masiku ndi ziwerengero, tazidziwa chifukwa malipotiwo amaikidwa poyera kuti aliyense awerenge, ngakhale ife tili kutsidya lino la nyanja. Walsh anafunika zaka kuti apeze zimene mlonda wa masiku ano angathe kuziitanitsa ndi kalata imodzi. Ndipo ngozi ya mu 2010 itachitika, sipanafunike kuyamba kufufuza kuti bungwe lija linkadwala chiyani, pakuti matenda ake anali atalembedwa kale zaka ziwiri m'mbuyomo.

Chofooka chachikulu cha udindowu chili pa mpando wa mlonda mwini wake, pakuti amene amamusankha ndi yemwenso angamuchotse. Mu 1981 Pulezidenti Ronald Reagan atangolowa anachotsa alonda onse amene anawapeza, ngakhale kuti ena anawabwezera pambuyo pake aphungu atadandaula. Pofuna kutchinga khomo limeneli, Nyumba ya Malamulo inalamula mu 2008 kuti Pulezidenti azidziwitsa aphungu masiku 30 asanachotse mlonda, ndipo mu 2022 inaonjeza kuti azipereka zifukwa zomveka ndi zatsatanetsatane.

Usiku wa pa 24 January 2025, Pulezidenti Donald Trump atangotha masiku anayi pampando, alonda pafupifupi 17 analandira uthenga wa pa intaneti wowauza kuti ntchito yawo yatha pomwepo. Mmodzi wa iwo anali Mark Greenblatt wa unduna wa zamalo, amene Trump yemweyo anamusankha mu 2019, ndiponso amene ofesi yake inatulutsa lipoti la Zinke. Aphungu sanadziwitsidwe masiku 30 aja. Alonda asanu ndi atatu a maunduna ena anakasuma kukhoti. Mu September 2025 woweruza Ana Reyes anagamula kuti lamulo linaphwanyidwadi, koma anakana kuwabwezera pantchito. China mwa zifukwa zake chinali chakuti ngakhale atabwezedwa, Pulezidenti akanangolemba kalata kwa aphungu, nkudikira masiku 30, nkuwachotsanso.